Mafunde Obisika m'Magetsi ndi m'Mawu: Mafunso ndi Mayankho pa Masamu a Signal Processing

Phunziro la signal processing, limene ophunzira uinjiniya wa zamagetsi, wa zamauthenga ndi wa makompyuta amakumana nalo akangodutsa masamu oyambirira, lili ndi mbiri yoti ndi lovuta, ndipo mbiriyi imabwera makamaka chifukwa masamu ake amaoneka ngati mulu wa mafomula osadziwana: ena a Fourier, ena a Laplace, ena a convolution, enanso a sampling. Komatu mafomula onsewa amamera pa tsinde limodzi, ndipo wophunzira amene waliona tsindelo amatha kupeza yekha ndi cholembera zambiri zimene anzake akuvutika kuloweza pamtima. Mafunso otsatirawa ndi ena mwa amene ophunzira amafunsa mobwerezabwereza.

Kodi signal n'chiyani, ndipo mawu oti frequency amatanthauzanji?

Signal ndi muyeso wa chinthu china chilichonse umene umasintha nthawi ikamapita, kusinthako kukhala ndi uthenga umene munthu akufuna kuudziwa, monga mphamvu ya magetsi pa waya wa maikolofoni pamene munthu akuyankhula, kugunda kwa mtima kumene makina a ECG amajambula kuchipatala, kapena kukwera ndi kutsika kwa madzi a mumtsinje koyezedwa tsiku ndi tsiku. Signal processing ndiye luso loyeza signal yotere, kuichotsa phokoso, kuichepetsa kuti isadye malo ambiri posunga kapena potumiza, ndi kutulutsamo uthenga wofunikawo.

Signal yosavuta kuposa zonse ndi sine wave, funde lokwera ndi kutsika mosalala komanso mobwerezabwereza, limene limadziwika ndi zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi amplitude, kutanthauza msinkhu umene fundelo limafika likakwera. Chachiwiri ndi frequency, kutanthauza kuti limabwereza kangati pa sekondi imodzi. Chachitatu ndi phase, kutanthauza pamene layambira poyerekeza ndi funde lina. Frequency imayezedwa mu hertz, dzina lochokera kwa Heinrich Hertz, katswiri wa ku Germany amene anatsimikizira kuti mafunde a wailesi alipodi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo ndi sine wave ya 50 hertz, pamene ku United States ndi 60 hertz, ndipo nambala ya 230 volts imene imatchulidwa ku Malawi si msinkhu wa fundelo ayi, koma muyeso wotchedwa rms, umene umanena kuchuluka kwa magetsi osasinthasintha amene angatenthetse waya mofanana. Nsonga yeniyeni ya fundelo imafika pafupifupi 325 volts, chifukwa pa sine wave amplitude imaposa rms ka 1.414. Pali msampha wina umene umakola ambiri pa mayeso, ndiwo kusiyana kwa f, amene ali mu hertz, ndi ω, amene ali mu radian pa sekondi: ω ndi 2π kuchulukitsa ndi f, kotero 50 hertz ndi pafupifupi 314 radian pa sekondi, ndipo woiwala 2π ameneyu amapeza yankho lolakwika pafupifupi kasanu ndi kamodzi ngakhale njira yonse atailondola bwino.

N'chifukwa chiyani mabuku onse amakakamira pa sine wave, pamene mawu a munthu kapena nyimbo sizioneka choncho?

Funsoli ndilo tsinde la phunziro lonse. Zipangizo zambiri zimene mainjiniya amagwira nazo ntchito, monga ma resistor, ma capacitor, ma inductor, waya wautali wa foni, ngakhale chipinda chimene mawu akumvekeramo, zili ndi makhalidwe awiri ofunika. Loyamba limatchedwa linearity, ndipo likutanthauza kuti cholowa chikawirikizidwa kawiri chotuluka chimawirikizanso kawiri, komanso kuti ma signal awiri akalowa pamodzi, chotuluka chimakhala kuphatikiza kwa zimene aliyense akanatulutsa payekha. Lachiwiri limatchedwa time invariance, kutanthauza kuti chipangizocho chimachita lero zimene chidzachite mawa, osasintha khalidwe chifukwa cha nthawi. Chipangizo chokhala ndi makhalidwe onse awiri chimatchedwa mwachidule LTI system.

Tsono sine wave ikalowa mu LTI system, imatuluka ili sine wave yomweyo ya frequency yomweyo, kungosintha msinkhu ndi kuchedwa pang'ono, pamene funde la maonekedwe ena, monga la makona kapena losongoka, kawirikawiri limatuluka litapindika mosazindikirika. Chifukwa chake chili mu calculus: malamulo olamulira zipangizozi amalembedwa ndi ma derivative, ndiko kuti liwiro la kasinthidwe ka chinthu, ndipo derivative ya sine ndi cosine, amene ndi sine yemweyo wosunthidwa ndi madigiri 90, kotero kaya munthu atenge derivative kangati, sachoka m'banja limenelo. Phindu lake ndi lalikulu, pakuti kuti munthu achidziwe chipangizo chonse, akungofunika kudziwa zinthu ziwiri pa frequency iliyonse, kuti chimakweza kapena kutsitsa msinkhu motani ndiponso chimachedwetsa fundelo motani, ndipo ndandanda ya mayankho amenewa ndiyo imatchedwa frequency response. Chotsala n'kungosonyeza kuti signal ina iliyonse ingaphwanyidwe kukhala ma sine wave, ndipo imeneyo ndiyo ntchito imene anagwira Fourier.

Nanga nambala j, imene amati kulibe, ikufunikiranji pa zinthu zenizeni ngati magetsi?

Dzina loti imaginary number lasocheretsa ophunzira ambiri, chifukwa limawapatsa maganizo oti akuwerengera zinthu zam'maloto. Njira yosavuta yomvetsera j ndi kumuona ngati lamulo lotembenuza muvi ndi madigiri 90: muvi woloza kumanja ukachulukitsidwa ndi j umaloza m'mwamba, ukachulukitsidwanso ndi j umaloza kumanzere, ndipo kuloza kumanzere n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi −1, ndiye chifukwa chake j kuchulukitsa ndi j kumapereka −1. Akatswiri a masamu amalemba i, koma mainjiniya a zamagetsi amalemba j chifukwa chilembo i anachipereka kale kwa current.

Leonhard Euler, m'buku lake la mu 1748, anasonyeza kuti e wokwezedwa ku mphamvu ya jθ ndi wofanana ndi cos θ kuphatikiza j sin θ, zimene zikutanthauza kuti sine wave ndi chithunzithunzi cha muvi umene ukuzungulira pa liwiro losasintha, monga mmene mthunzi wa valavu ya tayala la njinga umapitira uku ndi uku tayalalo likamazungulira. Phindu la kalembedwe kameneka n'lakuti kutenga derivative kumasanduka kungochulukitsa ndi jω, ndipo mafomula aatali a trigonometry amalowedwa m'malo ndi kuphatikiza mphamvu za e. Charles Proteus Steinmetz, amene anagwira ntchito ku kampani ya General Electric, anafotokoza njira imeneyi pa msonkhano wa akatswiri a zamagetsi ku Chicago mu 1893, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mavuto a magetsi a AC amene ankafuna masamba angapo a calculus anayamba kutha ndi mizere yochepa ya algebra.

Kodi Fourier anapeza chiyani kwenikweni?

Joseph Fourier, amene anabadwira ku Auxerre m'dziko la France mu 1768 ndipo anamwalira mu 1830, sankaganiza za mawu kapena wailesi, koma za mmene kutentha kumayendera m'chitsulo. Mu 1807, ali mkulu woyang'anira dera la Isère ku Grenoble pansi pa ulamuliro wa Napoleon, anapereka kwa akatswiri a ku Paris zolemba zonena kuti kagawidwe ka kutentha ka maonekedwe alionse, ngakhale kokhala ndi makona, kangalembedwe ngati kuphatikiza kwa ma sine ndi ma cosine. Joseph-Louis Lagrange, mmodzi mwa amene anaunika zolembazo, sanakhutire nazo, ndipo buku lathunthu la Fourier lonena za kutentha linadzatuluka mu 1822. Kukayika kwa Lagrange sikunali kwa nsanje chabe, pakuti Fourier ananena zambiri kuposa zimene anatha kutsimikizira, ndipo anali Peter Gustav Lejeune Dirichlet amene mu 1829 anafotokoza molongosoka nthawi imene kuphatikizako kumafikadi pa yankho loona.

Chitsanzo chimene chimatsegula maso ndi square wave, funde limene limalumpha kuchoka pa +1 kufika pa −1 n'kubwereranso, osadutsa pang'onopang'ono. Fourier series yake ili ndi sine wave ya frequency yoyambira ya msinkhu wa 4 kugawa ndi π, pafupifupi 1.27, kenako ya frequency yowirikiza katatu yokhala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhuwo, kenako yowirikiza kasanu yokhala ndi gawo limodzi mwa asanu, n'kumapita choncho pa manambala osagawika ndi 2 okhaokha. Mafunde owonjezerawa amatchedwa ma harmonic, ndipo munthu aliyense amene anagwiritsapo ntchito inverter yotchipa magetsi atazima anawamva ndi makutu ake. Inverter yotere imatenga magetsi a batire n'kutulutsa funde la masitepe loyandikira square wave, kotero pamwamba pa 50 hertz imene fani inapangidwira pamabweranso ma harmonic monga 150, 250 ndi 350 hertz, amene sathandiza mota kuzungulira koma amaichititsa kulira ngati njuchi ndi kutentha kuposa masiku onse. Wogulitsa akamanena kuti inverter yodulayo ndi ya pure sine wave, ndiye kuti akunena m'chiyankhulo cha malonda kuti ma harmonic amenewa achepetsedwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mfundo yomweyo ndiyo imasiyanitsa gitala ndi chitoliro zikamaimba noti imodzi ya 440 hertz: frequency yoyambira ndi imodzi, koma kachulukidwe ka ma harmonic n'kosiyana.

Wophunzira akajambula pa kompyuta kuphatikiza kwa ma harmonic makumi asanu a square wave amaona timinyanga titatuluka pa makona, ndipo nthawi zambiri amaganiza kuti walakwitsa pulogalamu. Palibe cholakwika, chifukwa kupyola kumeneku, kumene kumakhala pafupifupi magawo 9 pa 100 a kukula kwa kulumphako, sikutha ngakhale ma harmonic atachuluka bwanji, kumangopanikizika kufupi ndi kona. Kumatchedwa Gibbs phenomenon potengera J. Willard Gibbs amene anakufotokoza mu 1899, ngakhale kuti Henry Wilbraham anali atakuona kale mu 1848.

Fourier series, Fourier transform, DFT ndi FFT zimasiyana bwanji?

Zonsezi zimayankha funso limodzi, loti mu signal muli ma frequency ati ndipo iliyonse ndi yochuluka bwanji, koma zimasiyana pa mtundu wa signal. Fourier series ndi ya signal yobwerezabwereza, ndipo yankho lake ndi ma harmonic otalikirana mofanana. Fourier transform ndi ya signal yosabwereza, monga kuwomba m'manja kamodzi, ndipo popeza palibe frequency yoyambira, ma frequency onse amakhalapo mosadukiza, kuphatikiza kuja n'kusanduka integral. DFT, imene dzina lake lonse ndi discrete Fourier transform, ndi ya manambala owerengeka amene ali mu kompyuta: manambala N akalowa, manambala N amatuluka.

FFT si transform yachinayi, koma njira yachidule yowerengera DFT yomweyo. Kuwerengera DFT molunjika kumafuna kuchulukitsa pafupifupi N kuchulukitsa ndi N, pamene FFT imagawa ntchitoyo pawiri mobwerezabwereza mpaka kutsala pafupifupi N kuchulukitsa ndi logarithm ya N pa tsinde la 2, kotero pa manambala 1,024 ntchito imatsika kuchoka pa 1,048,576 kufika cha pa 10,240. James Cooley wa ku IBM ndi John Tukey wa ku Princeton anasindikiza njirayi mu 1965, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti Carl Friedrich Gauss anaigwiritsapo ntchito cha mu 1805 powerengera njira za Pallas ndi Juno, miyala ikuluikulu yam'mlengalenga yozungulira dzuwa, koma zolemba zakezo zinatuluka iye atamwalira kale.

Convolution imazunguza mutu. Kodi kutembenuza ndi kusuntha kuja kumachokera kuti?

Vuto la convolution n'lakuti ophunzira ambiri amapatsidwa integral yake asanauzidwe funso limene ikuyankha. Munthu akawomba m'manja kamodzi m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu, phokosolo silithera pomwepo, koma limamvekabe likubwerera kuchokera ku makoma ndi kudenga n'kumazilala pang'onopang'ono. Kamvekedwe kameneka, ka chipinda poyankha kugunda kumodzi kwakufupi, ndiko kumatchedwa impulse response. Mlaliki akayamba kuyankhula m'tchalitchi chomwecho, mawu ake angaonedwe ngati kuwomba m'manja kochuluka kotsatizana, kwina kwamphamvu kwina kofooka, ndipo kulikonse kumasiya mchira wake wozilala. Chimene khutu la munthu wokhala kumbuyo limamva pa mphindi ina iliyonse ndi kuphatikiza kwa mawu amene angotuluka kumene ndi michira ya mawu onse am'mbuyo, ndipo kuphatikiza kumeneko ndiko convolution. Kutembenuza kuja kumabwera chifukwa mawu akale kwambiri ndi amene afika kutali kwambiri mumchira wawo, pamene atsopano adakali koyambirira.

Chitsanzo cha manambala chimathandiza kuposa integral. Cholowa chikhale 2, 4, 6, 8, ndipo impulse response ikhale theka ndi theka, kutanthauza chipangizo chimene chimatenga pakati pa nambala yatsopano ndi yam'mbuyo mwake. Nambala 2 imasiya 1 pamalo oyamba ndi 1 pamalo achiwiri, nambala 4 imasiya 2 pamalo achiwiri ndi 2 pamalo achitatu, 6 imasiya 3 ndi 3, ndipo 8 imasiya 4 ndi 4, kotero zikalembedwa m'mizere yosunthidwa ndi kuphatikizidwa kutsika, chotuluka ndi 1, 3, 5, 7, 4. Manambala otuluka ndi asanu, pakuti utali wa convolution ndi utali wa woyamba kuphatikiza wa wachiwiri kuchotsapo 1, ndipo pali njira yachangu yodziyesera: kuphatikiza kwa zotuluka, 20, kuyenera kufanana ndi kuphatikiza kwa zolowa, 20, kuchulukitsa ndi kuphatikiza kwa impulse response, 1. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti convolution ya ma signal awiri imasanduka kuchulukitsa wamba akawatengera ku mbali ya frequency, ndipo izi sizodabwitsa kwa amene wamvetsa yankho la funso lachiwiri lija, chifukwa chipangizocho chimangochulukitsa sine wave iliyonse ndi nambala yakeyake.

Ngati Fourier alipo, Laplace transform ikufunikiranji?

Fourier transform imagwira bwino pa ma signal okhazikika kapena ozilala, koma injiniya amafunanso kudziwa zimene zimachitika switch ikangoyatsidwa kumene, ndiponso ngati chipangizo chingalowe m'kugwedezeka kokulirakulira mpaka kuwonongeka. Laplace transform imaika s m'malo mwa jω, ndipo s ali ndi magawo awiri, σ amene amanena za kukula kapena kuzilala ndi jω amene amanena za kugwedezeka. Dzina ndi la Pierre-Simon Laplace, koma amene anazoloweretsa mainjiniya kusandutsa differential equation kukhala algebra anali Oliver Heaviside wa ku England, munthu wodziphunzitsa yekha amene ankalimbana ndi mavuto a mawaya a telegraph, ndipo akatswiri a masamu a nthawi yake ankamunyoza chifukwa njira zake zinkapereka mayankho olondola popanda umboni wokwanira.

Chitsanzo chabwino ndi resistor ya 1,000 ohm yolumikizidwa ndi capacitor ya 1 microfarad, chotuluka chikuyezedwa pa capacitor. R kuchulukitsa ndi C kumapereka 0.001 sekondi, nthawi imene imatchedwa time constant, ndipo batire ikalumikizidwa capacitor imadzaza kufika pafupifupi magawo 63 pa 100 m'nthawi imeneyo. Transfer function, imene ndi chotuluka kugawa ndi cholowa, ndi 1 kugawa ndi 1 + sRC, ndipo pansi pakepo pamakhala ziro pamene s ndi −1,000. Malo amenewa amatchedwa pole, ndipo lamulo n'lakuti ma pole onse akakhala kumanzere, ndiko kuti gawo lawo la σ lili pansi pa ziro, kugwedezeka kulikonse kumazilala ndipo chipangizo n'chokhazikika. Poika jω m'malo mwa s munthu amabwerera kwa Fourier n'kupeza kuti kachipangizoka ndi filter, mawu amene tanthauzo lake ndi sefa: kamalola ma frequency otsika kudutsa, pa 159 hertz kamatsitsa msinkhu kufika pa 0.707, ndipo pa 1,590 hertz kamangotsala gawo limodzi mwa magawo khumi. Sefa iyi imasiyana ndi ya ufa pa mfundo imodzi yofunika, yoti ilibe malire akuthwa olekanitsa chodutsa ndi chotsala, koma imachepetsa pang'onopang'ono. Pa ma signal a mu kompyuta ntchito yomweyi imagwiridwa ndi z-transform, ndipo kumeneko ma pole ayenera kukhala mkati mwa bwalo la utali wa 1 kuchokera pakati.

Kodi kompyuta iyenera kuyeza signal kangati pa sekondi kuti isataye kanthu?

Kompyuta siingasunge funde losadukiza, kotero imaliyeza pa nthawi zotalikirana mofanana, ndipo kuyeza kumeneku ndiko sampling. Lamulo lake limati ngati signal ilibe frequency yoposa B, ndiye kuti kuyeza koposa kawiri B pa sekondi n'kokwanira kubwezeretsa signal yonse popanda chotayika. Limadziwika ndi maina a Harry Nyquist, amene analemba za telegraph mu 1928, ndi Claude Shannon, amene analifotokoza mu 1949, onse a ku Bell Labs, ngakhale kuti Vladimir Kotelnikov wa ku Soviet Union analilemba payekha mu 1933, ndipo mabuku a ku Russia amalitcha ndi dzina lake. Mawu oti koposa ndi ofunika, chifukwa sine wave ya 500 hertz yoyezedwa ka 1,000 pa sekondi ingathe kupezeka pa ziro nthawi iliyonse imene ikuyezedwa, kompyuta n'kuona ngati palibe kanthu.

Lamuloli likaphwanyidwa, frequency yokwera imadzibisa n'kuoneka ngati yotsika, zimene zimatchedwa aliasing. Cosine ya 700 hertz ikayezedwa ka 1,000 pa sekondi imapereka manambala ofanana ndendende ndi a cosine ya 300 hertz, ndipo palibe pulogalamu imene ingadziwe pambuyo pake kuti choyambirira chinali chiti. N'chimodzimodzi ndi matayala a galimoto amene amaoneka ngati akuzungulira chambuyo mufilimu, chifukwa kamera ya filimu imajambula zithunzi 24 zokha pa sekondi. Ichi n'chifukwa chake filter yochotsa ma frequency okwera iyenera kukhala patsogolo pa sampling, osati pambuyo, mfundo imene ophunzira amaisokoneza kawirikawiri pojambula dongosolo la chipangizo.

Manambala odziwika a m'mafakitale amachokera pa lamulo limeneli. Foni yachikhalire imadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 hertz n'kuwayeza ka 8,000 pa sekondi, muyeso uliwonse ukutenga ma bit 8, zimene zimapereka ma bit 64,000 pa sekondi, ndipo popeza mphamvu yambiri ya liwu la s ili pamwamba pa malire amenewa, s ndi f zimavuta kusiyanitsa munthu akamatchula dzina lachilendo pa foni yotere. CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, imayeza ka 44,100 pa sekondi chifukwa khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka pafupifupi 20,000 hertz, ndipo kotsalako kumapatsa filter mpata wotsikira.

Nanga ma bit aja amasintha chiyani?

Amanena kuchuluka kwa masitepe amene muyeso uliwonse ungaimepo: ma bit 8 amapereka masitepe 256, pamene ma bit 16 a pa CD amapereka 65,536. Muyeso weniweni ukagwera pakati pa masitepe awiri umakokedwera ku loyandikira, ndipo kuphonya kwakung'onoko kumamveka ngati phokoso. Bit iliyonse yowonjezera imachepetsa kuphonyako ndi theka, zimene ndi pafupifupi ma decibel 6, kotero ma bit 16 amapereka pafupifupi ma decibel 96 pakati pa mawu okwera kwambiri ndi phokoso la pansi.

N'chifukwa chiyani chithunzi cha FFT pa kompyuta sichifanana ndi cha m'buku?

Wophunzira amene wayesa FFT koyamba mu MATLAB, mu GNU Octave imene ndi yaulere, kapena mu Python amakumana ndi zodabwitsa zitatu. Choyamba, sine wave imodzi ya 50 hertz yoyezedwa ka 1,000 pa sekondi kwa sekondi yathunthu imatulutsa nsonga ziwiri, ina pa 50 ndi ina pa 950, chifukwa pa signal ya manambala wamba theka lachiwiri la zotuluka ndi chithunzi cha pagalasi cha theka loyamba, ndipo n'lokwanira kungoonetsa loyambalo. Chachiwiri, pulogalamuyo siidziwa kuti signal inayezedwa kangati pa sekondi, kotero mwiniwake ayenera kuwerengera yekha kuti kutalikirana kwa zotuluka ndi liwiro la sampling kugawa ndi N.

Chachitatu ndi chovutirapo. Ngati miyeso yatengedwa 100 yokha pa liwiro lomwelo, zotuluka zimatalikirana ndi 10 hertz, ndipo funde la 55 hertz limagwera pakati pa 50 ndi 60, mphamvu yake n'kumwazikira ku ma frequency oyandikana, zimene zimatchedwa leakage. Gwero lake n'lakuti DFT imaganiza kuti kachidutswa kamene yapatsidwa kamabwerezabwereza mpaka kalekale, ndipo ngati mapeto ake sakulumikizana bwino ndi chiyambi, pamakhala kulumpha kwabodza kumene kumabala ma frequency amene munalibe. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa kachidutswako ndi window, ndiko kuti ndandanda ya manambala yotsikira ku ziro kapena pafupi ndi ziro kumapeto onse awiri, monga ya Hann, yotchedwa potengera Julius von Hann, katswiri wa zanyengo wa ku Austria, kapena ya Hamming, yotengera Richard Hamming wa ku Bell Labs. Window imachepetsa kumwazikako koma imanenepetsa nsonga, ndipo kuwonjezera maziro kumapeto kwa miyeso, kumene ambiri amakhulupirira kuti kumawonjezera kuthwa, kumangosalalitsa chithunzi. Kuti mafunde awiri osiyana ndi 1 hertz alekanitsidwe, signal iyenera kujambulidwa kwa nthawi yosachepera pafupifupi sekondi imodzi.

Kodi wophunzira amene wakanirira pa funso angathandizidwe bwanji popanda kumupatsa yankho?

Kumulembera yankho lonse kumamupulumutsa pa ntchito ya tsiku limenelo lokha, ndipo mphunzitsi kapena mnzake wodziwa amachita bwino kumufunsa kaye kuti ajambule signal imene funso likunena, chifukwa zolakwika zambiri pa convolution ndi pa Fourier series zimachokera pa malire a integral, amene amaonekera pa chithunzi koma amabisika mu fomula. Chachiwiri ndi kumupempha kuti ayese yankho lake kumapeto onse awiri: pa sefa ya resistor ndi capacitor ija, frequency ikakhala ziro transfer function iyenera kupereka 1, ndipo ikakwera kwambiri iyenera kutsikira ku ziro, kotero fomula yopereka zosiyana ndi zimenezi ndi yolakwika ngakhale itaoneka yokongola. Mayunitsi nawonso amaulula zambiri, pakuti chimene chili mkati mwa sine kapena pamwamba pa e sichiyenera kukhala ndi yunitsi, ndipo calculator yosiyidwa pa madigiri pamene funso lili mu radian yalepheretsa ophunzira ambiri amene mfundo anaimvetsa bwinobwino.

Ntchito yaing'ono imene imasonkhanitsa mfundo zonsezi ndi kuchotsa phokoso la magetsi a m'nyumba pa signal ya ECG, vuto limene limapezeka m'zipatala chifukwa mawaya oikidwa pa thupi la wodwala amatola 50 hertz kuchokera ku mawaya a m'khoma. Wophunzira amapanga pa kompyuta signal yofanana ndi kugunda kwa mtima, amathirapo sine wave ya 50 hertz, amaona ndi FFT nsonga yopyapyala itatulukira pamalo amodzi, kenako amapanga notch filter, sefa yochotsa kadera kakang'ono ka ma frequency, poika ma zero awiri pa bwalo la z-transform, ndiko kuti malo amene transfer function imakhala ziro. Ngati liwiro la sampling ndi 500 pa sekondi, 50 hertz ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a bwalo lonse, kotero ma zero amakhala pa madigiri 36 pamwamba ndi pansi, ndipo ma pole awiri amaikidwa pa madigiri omwewo koma mkati pang'ono mwa bwalo kuti kadera kochotsedwako kapyapyale. Akasuntha ma pole kuwayandikitsa kwambiri ku bwalo amaona kuti sefayo yathwa koma ikuchedwa kukhazikika, ndipo akawabweza mkati imakhazikika msanga koma imayamba kudya mbali ya kugunda kwa mtima kumene dokotala akufuna kuona.